Maiki zochepa zojambulira ng'oma za bandi kunyumba: kasankhidwe ndi kaikidwe kake

Munthu akaganiza zoyamba kujambula ng'oma za bandi m'chipinda cha kunyumba, nthawi zambiri maso ake amathamangira pa kabokosi ka maiki 7 zogulitsidwa pamodzi: imodzi ya kick (ng'oma yaikulu yomenya ndi phazi), zinayi zopana m'mphepete mwa snare (ng'oma ya mawaya kunsi kwake) ndi ma tom (ng'oma zinazo zomenya ndi ndodo), ziwiri zoika pamwamba. Mtengo wake umakopadi. Vuto limaoneka tsiku limene mu situdiyo mwabwera woimba gitala, kapena kagulu ka kwaya kofuna kujambula nyimbo ziwiri. Timaiki topana pa tom tija tilibe china chimene tingachite, timangogona m'bokosi. Situdiyo ya kunyumba siijambula ng'oma tsiku lililonse, ndiye ndalama zochepa zimene muli nazo ziyenera kupita pa maiki zitatu kapena zinayi zimene iliyonse ingagwire ntchito zingapo. Ndondomeko yake nayi.

Choyamba: werengani mabowo a maiki pa interface yanu

Musanayang'ane n'komwe mitengo ya maiki, tembenuzani interface yanu (kabokosi kolumikiza maiki ku kompyuta) muwerenge mabowo a XLR, olowetsamo chingwe cha maiki, okhala ndi preamp yokweza mawu a maikiyo. Focusrite Scarlett 2i2 ili ndi awiri. Behringer UMC404HD ili ndi anayi. Scarlett 18i20 ndi UMC1820 zili ndi 8. Nambala imeneyo ndiyo malire anu, ndipo kugula maiki 7 muli ndi mabowo awiri n'kuononga ndalama chabe. Ngati interface yanu ili ndi polowera ADAT, mtsogolo mungathe kuonjezera mabowo ena 8 ndi chida ngati Behringer ADA8200 osasintha interface yonse.

Chenjeraninso ndi mixer. Ma mixer ambiri otsika mtengo okhala ndi USB amalandira maiki zambiri ndithu, koma ku kompyuta amatumizako njira ziwiri zokha, kumanzere ndi kumanja, zonse zitasakanizidwa kale. Mukajambula choncho, snare ikachepa simungaikwezenso payokha.

Chachiwiri: mverani chipinda

Imani pamene mudzaike ng'oma, muombe m'manja kamodzi mwamphamvu, kenako mukhale chete. Ngati mwamva kamawu kothamanga, kolira ngati waya, kakubwerera kuchokera kumakoma, dziwani kuti maiki zanu za pamwamba zidzakamvanso pa kumenya kulikonse kwa snare. Zipinda zathu zambiri n'zapansi pa simenti, makoma apulasitala osalala, denga lalifupi, mwinanso malata opanda siling'i. Chipinda chotere chimakuza ma cymbal (mbale zachitsulo zomenya ndi ndodo) mpaka kupweteka m'makutu.

Zimene mwamvazo ndizo zikuuzeni mtundu wa maiki. Chipinda chikakhala chaching'ono ndi cholira, mukufunika maiki zomva kutsogolo kokha, zoikidwa pafupi ndi ng'oma, komanso zosawala kwambiri m'mawu apamwamba. Chikakhala chachikulu, cha denga lalitali, mungathe kuziika patali ndithu kuti chipindacho chithandizire.

Yalani kapeti yokhuthala pansi pa ng'oma, tsamiritsani matiresi kukhoma limene lili pafupi, ndipo ngati n'kotheka pachikani bulangete lolemera pamwamba pa woimba. Mathireyi a mazira omwe anthu amakonda kumata kumakoma asiyeni. Ndi opyapyala kwambiri, sachotsa kugunda kwa pansi, saletsa phokoso kupita kwa oyandikana nawo, ndipo sachedwa kugwira moto. Kungani zikopa bwino musanalumikize chingwe chilichonse, chifukwa tom yokungidwa mokhota imamveka mokhota ngakhale pa maiki yodula chotani.

Chachitatu: dziwani mitundu itatu ya maiki, mwachidule

Dynamic ndi yolimba, siifuna magetsi, imapirira phokoso lalikulu ngakhale kumenyedwa ndi ndodo mwangozi. Malo ake ndi pafupi ndi chikopa. Condenser imafuna magetsi a 48V ochokera ku interface, imamva tinthu ting'onoting'ono ndi mawu apamwamba, motero imakhala pamwamba pa ng'oma zonse. Ribbon imafewetsa mawu owala, koma kachitsulo kake ka m'kati n'kopyapyala kwambiri, sikafuna mphepo yochokera m'bowo la kick kapena kugwetsedwa.

Pa pepala la maiki iliyonse yang'ananinso mbali imene imamvera. Cardioid imamva kutsogolo n'kukana kumbuyo. Supercardioid ndi hypercardioid zimapanikiza kwambiri kutsogolo, koma kumbuyo kwenikweni zimamvako pang'ono, ndipo kumene sizimva ndi cham'mbali chakumbuyo. Omni imamva ponseponse, kutanthauza kuti imatola chipinda chonse ndi zoipa zake. Kunyumba, cardioid ndiyo yosavutitsa.

Chachinayi: yambani ndi maiki ziwiri za pamwamba

Apa ndi pamene ambiri amasemphana nazo. Amaganiza kuti maiki za pamwamba, zija timati ma overhead, ntchito yake n'kutola ma cymbal basi, ndiye amagula zotchipa kwambiri. Zoona zake n'zakuti maiki ziwirizi ndizo zimamva ng'oma zonse monga mmene munthu woima pafupi amazimvera: snare, ma tom, hi-hat (ma cymbal awiri otsekedwa ndi phazi), ngakhale kick pang'ono. Zinazo zimangodzaonjezera mphamvu. Ngati bajeti yanu ndi yoti mugawe, theka lake lipite apa.

Njira yodziwika ndi ya ma condenser ang'onoang'ono ooneka ngati cholembera, ogulidwa awiri ofanana. Rode NT5, ya kampani ya ku Sydney ku Australia, imagulitsidwa ziwiriziwiri zoyesedwa kale kuti zikufanana, ndipo mng'ono wake wotsika mtengo ndi Rode M5. Oktava MK-012, yopangidwa ku Tula ku Russia, ili ndi mwayi wina: mutu wake umamasulidwa, mungathe kuikapo wa cardioid lero, wa omni mawa, ndiponso pali kachidutswa komangira pakati kochepetsa mphamvu ya mawu ndi 10 dB. Kachidutswa kotere, kapena batani lolembedwa pad, n'kofunika pa ng'oma, chifukwa woimba wamphamvu amatha kudzaza maiki kapena preamp mpaka mawu kusweka.

Maiki ziwiri zomwezi mawa zidzajambula gitala ya acoustic, kwaya, malimba, visekese, kapena ng'oma zamanja zingapo zoimbidwa pamodzi. Ndiye kuti zidzagwira ntchito pafupifupi sabata iliyonse.

Koma ganizirani ntchito imene imabwera kawirikawiri kwanu. Ngati ambiri obwera ndi oimba pakamwa, n'kwanzeru kugula ma condenser awiri a mtundu wojambulira mawu a munthu, n'kumawakweza pamwamba pa ng'oma tsiku la ng'oma. Audio-Technica AT2020 ziwiri zimagwira ntchito imeneyi popanda manyazi pa mtengo wofikirika. Okhala ndi thumba lolemera amapita pa AKG C414, imene ili ndi pad komanso mabatani osinthira mbali yomvera, ndipo palibe chida mu situdiyo chimene siingajambule. Kuipa kwa maiki zazikuluzi n'kulemera: sitandi yofooka imayamba kuwerama pang'onopang'ono pakati pa nyimbo.

Nanga chipinda chikakhala chija cha simenti, ma cymbal nawonso ali otchipa, olira ngati chivundikiro cha poto? Pamenepo condenser yowala kwambiri imangoonjezera ululu. Ribbon ngati Beyerdynamic M 160, yomwe ndi hypercardioid mosiyana ndi ma ribbon ambiri omva kutsogolo ndi kumbuyo, imaziziritsa ma cymbal ndi kukana gawo lalikulu la chipinda. Ndi yodula, ndipo imafuna preamp ya mphamvu ikamajambula zinthu zolira pang'ono, koma pa ng'oma siivuta. Mukaigula, zolowerani kuthimitsa 48V musanailumikize kapena kuichotsa. Kumbukirani kuti pa interface zambiri batani limodzi limayatsa 48V pa mabowo angapo nthawi imodzi.

Chachisanu: Shure SM57

Apa sipafunika kulingalira nthawi yaitali. SM57 inatuluka mu 1965 ndipo mpaka lero ndiyo imapezeka pa snare m'masitudiyo ndi pa nsanja padziko lonse. Ndi dynamic ya cardioid, imatola kuyambira 40 Hz mpaka 15 kHz, ndipo imatukula pang'ono mawu a cha m'ma 5 kHz, pomwe pali kuthetheka kwa snare. Ikachoka pa snare imapita pa amp ya gitala, pa tom, pa lipenga, pa ng'oma yamanja, ngakhale pakamwa pa woimba mutaiveka kasiponji kotchinga mpweya. Ngati muli kale ndi SM58, musathamangire kugula: m'kati mwake n'zapachibale kwambiri, ndipo SM58 imagwira ntchito pa snare, kungoti mutu wake wozungulira umatenga malo.

Chovuta ndi chakuti SM57 ndi SM58 zachinyengo zachuluka zedi pa misika ndi pa intaneti, zina zofanana ndi zenizeni mpaka bokosi. Yeniyeni SM57 imalemera magalamu 284, ndiye ngati mukugula kwa munthu, sikelo ya kukhitchini ikuthandizani. Yopepuka kwambiri ikayikireni. Mtengo ukatsika mosadziwika bwino pa maiki yomwe akuti ndi yatsopano, bwererani.

Kaikidwe kake ndi aka. Iloze pakati pa chikopa, mutu wake uli zala ziwiri kapena zitatu pamwamba pa mkombero, italowa pang'ono chabe kuti ndodo isaipeze. Chofunika koposa ndi kumene kwaloza kumbuyo kwake: kuyang'ane ku hi-hat. Popeza cardioid siimva kumbuyo, mwachepetsa hi-hat yolowerera mu snare osagwira batani lililonse. Mukaisendeza pafupi kwambiri ndi chikopa, mawu amanenepa, chifukwa maiki zomva mbali imodzi zimakuza mawu a pansi zikayandikira chinthu. Mukaibweza pang'ono, kulira kwa mawaya a pansi pa snare kumayamba kumveka. Sunthani, jambulani, mverani, musanaganize zotsegula EQ, chida chokwezera kapena kutsitsira mawu a pansi, apakati ndi apamwamba.

Chachisanu ndi chimodzi: maiki ya kick, ndipo apa sankhani mofatsa

Pali magulu awiri. Gulu loyamba ndi la maiki zopangidwira kick: AKG D112, Shure Beta 52A, Audix D6. Izi zimabwera zitakonzedwa kale, zotukula kugunda kwa pansi, zochepetsa mawu apakati, zotulutsa kakhethe ka beater, kamtengo komenyera kick. Mukangoilowetsa m'bowo, kick yamveka ngati ya pa wailesi. D6 ndiyo imachita zimenezi koposa, moti imakomera nyimbo zaphokoso koma imavuta kuibweza ngati mukufuna kick yofewa, yozungulira, ya reggae kapena ya nyimbo zachete zauzimu. Kunja kwa kick, maiki zimenezi zimathandiza pa amp ya bass ndi pa floor tom (tom yaikulu yoima pansi), basi.

Gulu lachiwiri ndi la ma dynamic akuluakulu osakometsera mawu. Electro-Voice RE20, yomwe inatuluka mu 1968, imadziwika kwambiri m'nyumba zoulutsira mawu, ndipo inapangidwa mwanjira yoti mawu asanenepe mopitirira munthu akayandikira. Imagwira kick, bass, saxophone, mawu a woimba ndi a wolankhula pa podcast. Sennheiser MD 421, ya mu 1960, ndi yotchuka pa ma tom, koma imakwananso pa kick, pa amp ya gitala ndi pa malipenga, ndipo kumunsi kwake kuli kakolala kozungulira ka malo asanu kochepetsera mawu a pansi. Pa kick onetsetsani kuti kali pa M, osati pa S. Chopanira chake cha pa sitandi chimadziwika ndi kumasuka mosayembekezera, ndiye poisuntha igwireni ndi manja awiri.

Ine ndikanakhala ndi ndalama ya maiki imodzi yokha pamalo pano, ndikanatenga ya gulu lachiwiri. Kugunda kwa pansi ndi kakhethe ka pamwamba mungazionjezere nokha pa kompyuta, koma mawu apakati amene maiki yachotsa kale sabwerera bwino. Komabe ngati ntchito yanu yambiri ndi ng'oma ndipo simukonda kukhalira EQ, D112 kapena Beta 52A sizikukhumudwitsani, ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo.

Ikani pilo kapena bulangete lopinda m'kati mwa kick, lingokhudza zikopa zonse ziwiri mopepuka. Maiki ikalowa m'kati, masentimita 10 mpaka 15 kuchokera pomwe beater imamenya, mumapeza kakhethe kambiri. Ikakhala pakamwa pa bowo mumapeza kugunda kwambiri, koma pamenepo pamatuluka mphepo, choncho ipendekeni pang'ono. Chikopa cha kutsogolo chikakhala chopanda bowo, iikeni kunja, chikhatho chimodzi kuchokera pachikopa, pambali pang'ono osati pakati penipeni.

Chachisanu ndi chiwiri: ziikeni zinayizo, tepi yoyezera ili m'manja

Tsopano muli ndi zinayi: ziwiri za pamwamba, ya snare, ya kick. Njira yoyenera kuyamba nayo ndi ija imatchedwa ndi dzina la Glyn Johns, katswiri wojambula nyimbo wa ku Britain amene anagwira ntchito ndi The Rolling Stones, The Who ndi Eagles, komanso anajambula chimbale choyamba cha Led Zeppelin ku Olympic Studios ku London mu 1968.

Maiki yoyamba ikhale pamwamba pa snare, pafupifupi mita imodzi, yoloza pansi. Yachiwiri ikhale kumbali ya floor tom, masentimita pafupifupi 15 pamwamba pa mkombero wake, yoyang'ana modutsa ng'oma zonse kulunjika ku snare ndi hi-hat. Kenako tengani tepi, kapena chingwe cha maiki ngati tepi palibe. Woimba apanikize nsonga yake pakati pa chikopa cha snare ndi chala, inu mukokere ku maiki yoyamba, mutsine pamenepo, ndipo osasuntha zala zanu muzungulire nacho kupita ku maiki yachiwiri. Mutu wa maikiyo ukhudze pomwe mwatsinapo. Ukapanda kukhudza, sunthani sitandi.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, kutanthauza masentimita 34 pa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Maiki imodzi ikatalikirako ndi masentimita ochepa chabe, snare imafika kwa iyo mochedwa pang'ono, ndipo mukaphatikiza ziwirizo mawu ena amafafanizana. Zotsatira zake snare imaonda, imamveka ngati ili m'paipi, kapena imapendekera mbali imodzi. Zikafanana mtunda, snare imakhala pakati, yonenepa. Posakaniza, ya pamwamba muipititse theka kumbali imodzi, ya pa floor tom kumbali inayo, kick ndi snare pakati.

Amene ali ndi mabowo awiri okha asataye mtima. Pali njira ina yotchedwa Recorderman: maiki imodzi pamwamba pa snare, kutalika kwa ndodo ziwiri zomenyera ng'oma zolumikiza, inayo pafupi ndi phewa lamanja la woimba, mtunda womwewo kuchokera pa snare. Apa mumayesanso kuti zonse ziwiri zitalikirane mofanana ndi pomwe beater imamenya kick. Popeza maiki zili pafupi kwambiri ndi ng'oma, chipinda choipa sichilowerera kwambiri, ndipo denga lalifupi silivutitsa. Ngati kick ikuchepabe, njira ina ndi maiki imodzi pamwamba ndi imodzi pa kick. Ng'oma za mono, zomvekera pakati popanda kumanzere ndi kumanja, si zamanyazi, nyimbo zambiri zakale zinajambulidwa choncho, ndipo ambiri adzamvera nyimbo yanu pa sipika imodzi ya foni.

Ofuna njira yosafuna kuyeza kwambiri aike ma condenser awiri mitu yake itagundana pamwamba pa ng'oma, yopingasa pa madigiri 90. Imeneyo ndi XY. Siitambasula kwambiri, koma siibweretsa mavuto a kufafanizana.

Chachisanu ndi chitatu: yesani phase (ngati maiki zikufafanizana) ndi mulingo wa mawu

Jambulani mphindi imodzi. Tsegulani ma overhead okha, ikani zonse pa mono, kenako onjezerani kick n'kumadina batani lotembenuza polarity, lija la chizindikiro cha ø. Siyani pamene kick yanenepa. Chitaninso chimodzimodzi ndi snare. Tsiku lina mukadzaika maiki yachiwiri pansi pa snare, pafupifupi nthawi zonse idzafuna kutembenuzidwa, chifukwa chikopa chikamathawa maiki ya pamwamba chimakhala chikuyandikira ya pansi.

Pa mulingo, jambulani pa 24-bit ndipo kumenya kwamphamvu koposa kusapitirire cha m'ma -10 dBFS pa mita yoonetsa kukula kwa mawu. Oimba ng'oma amamenya mwaulemu poyesa, koma nyimbo ikafika pa kolasi amaiwala, ndiye auzeni aimbe gawo lotentha la nyimboyo osati kungogogoda imodziimodzi. Mawu ochepa mungawakweze pambuyo, osweka sakonzeka.

Mawu amodzi kwa woimba mwini, popeza ndi maiki zinayi dzanja lake ndilo mixer: amenye snare ndi ma tom molimba, ma cymbal ndi hi-hat mopepuka. Akamawomba ma cymbal ngati ali pa msonkhano wa chitsitsimutso wopanda zokuzira mawu, palibe maiki imene ingamupulumutse.

Chomaliza: zoonjezera, ndi kasungidwe

Mukagwiritsa ntchito zinayizo kwa kanthawi mudzadziwa nokha chimene chikusowa. Kawirikawiri ndi ma tom. SM57 yachiwiri ndi yachitatu zimathetsa nkhaniyo ndipo zimagwiranso ntchito zina. Sennheiser e604 yopana pa mkombero ndi yabwino ngati malo oika masitandi atha. Hi-hat siifuna maiki yakeyake, imamveka kale paliponse, nthawi zina mopitirira.

Siyaniko ndalama ya masitandi anayi, awiri mwa iwo aatali a boom olimba ndi imodzi yaifupi ya kick, komanso zingwe za XLR zopangidwa bwino. Mwendo umodzi wa sitandi ya pamwamba uloze kumene kwaloza mkono wake, ndipo ngati ikupendamabe ikanipo kathumba ka mchenga.

Pogula maiki yogwiritsidwapo kale ntchito, pitani ndi interface ndi mahedifoni anu. Ilumikizeni, lankhulani, gwedezani chingwe polowera, igwedezeni pafupi ndi khutu kuti mumve ngati muli chomasuka m'kati. Condenser muisiye ili yoyaka kwa mphindi zingapo, kenako muuzire pang'ono mpweya wofunda wa m'kamwa muli patali: ikayamba kuthetheka kapena mawu kuzimirira, ndiye kuti chinyontho ndi fumbi zalowa pa capsule, kagawo ka m'mutu mwa maiki komva mawu. N'chifukwa chake m'nyengo ya mvula ma condenser asamagone pa sitandi. Abwezereni m'bokosi lotseka limodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano, ndipo ribbon muziisunga itaimirira kuti kachitsulo kake kasalendewere.